Alonda a Panjira ya Uthenga: Phunziro la Kompyuta Lochokera M'zipatala za ku Neno

Boma la Neno, lomwe linadulidwa ku Mwanza mu 2003, lili ndi zipatala ziwiri zikuluzikulu, cha pa boma ndi cha Lisungwi, komanso zipatala zing'onozing'ono zoposa 10 monga Matandani, Nsambe, Dambe, Magaleta, Chifunga ndi Zalewa. Kuyambira mu 2007, Unduna wa Zaumoyo wakhala ukugwira ntchito m'bomali limodzi ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, lomwe kunja limadziwika ndi dzina loti Partners In Health. Chimodzi mwa zinthu zimene mgwirizanowu unabweretsa ndicho kusunga mbiri ya odwala pa kompyuta, mu pulogalamu yotchedwa OpenMRS. Azaumoyo a m'midzi nawonso anayamba kulemba za maulendo awo a khomo ndi khomo pa foni, mu pulogalamu yotchedwa YendaNafe.

Zikatere ndiye kuti nkhani za moyo wa munthu, zoti ali ndi kachilombo ka HIV, akudwala khunyu kapena ndi woyembekezera, sizikhalanso m'kabuku ka kuchipatala mokha. Zimasanduka mauthenga oyenda pakati pa makina. Ndani amaonetsetsa kuti wofunsa nkhanizi ndi woyeneradi kuzidziwa? Ndani amalemba kuti wakutiwakuti anatsegula mbiri ya wodwala uyu tsiku lakuti? Nanga netiweki ikaduka uthenga uli pakati pa njira, ndani amautumizanso?

Phunziro lathu likuyankha mafunso amenewa. Mfundo yake ndi imodzi: ntchito imene imafunika pa uthenga uliwonse iyenera kulembedwa kamodzi, n'kuikidwa panjira pamene mauthenga onse amadutsa. Simufunika kukhala katswiri wa kompyuta kuti mutsatire. Ngati munatumizapo ndalama pa foni kapena munaimapo pamzere kuchipatala, muli nazo kale zitsanzo zokwanira.

Kodi web service n'chiyani?

Mukatsegula tsamba la pa intaneti, kompyuta imakhala ikulankhula ndi munthu. Koma nthawi zambiri makina amalankhulana okhaokha. Mukagula mayunitsi a magetsi a ESCOM kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, makina a kampani ya foni amatumiza pempho ku makina ena, ndipo yankho limabwera ndi manambala oti mulowetse m'mita. Khomo limene pulogalamu imatsegula kuti mapulogalamu ena azitumizirapo mapempho ndi kulandira mayankho ndilo limatchedwa web service.

Uthenga wotere uli ngati kalata ya mu envelopu. Kunja kwa envelopu kumakhala zofunika panjira: ukuchokera kuti, ukupita kuti, wautumiza ndani. M'kati mumakhala nkhani yeniyeni. Njira ina yolembera mauthenga, yotchedwa SOAP, yomwe inafala kuyambira mu 2000, imatchuladi zigawo zake motero: envelopu, mutu ndi thupi. Njira ina yotchedwa REST, yomwe Roy Fielding anaifotokoza m'chaka chomwecho cha 2000, ndi yopepukirapo ndipo ndiyo ikugwiritsidwa ntchito kwambiri masiku ano, koma nayonso imasiyanitsa mutu wa uthenga ndi thupi lake. Kusiyanitsa kumeneku mukusunge, chifukwa ndiko kumatheketsa zonse zimene tikambe kutsogoloku.

Ntchito yeniyeni ndi ntchito zopingasa

Pulogalamu yaikulu imagawidwa m'zigawo, chilichonse ndi ntchito yake. Mu pulogalamu ya chipatala, chigawo china chimalembetsa wodwala watsopano, china chimasunga zotsatira za kulabu, china chimasunga za mankhwala amene aperekedwa, china chimakonza tsiku lodzabweranso. Izi ndizo ntchito zenizeni, zimene pulogalamuyo inapangidwira.

Koma palinso ntchito zina zimene zilibe chigawo chawochawo chifukwa zimafunika paliponse. Zodziwika kwambiri ndi izi: kuzindikira amene watumiza uthenga, kuona ngati ali ndi chilolezo, kubisa nkhani kuti wina asaziwerenge panjira, kulemba m'kaundula zimene zachitika, kuona ngati uthenga walembedwa bwino, kuyeza nthawi imene ntchito yatenga, ndi kutumizanso uthenga umene walephera kufika.

Akatswiri amazitcha crosscutting concerns. Ife tizitcha ntchito zopingasa. Taganizirani mphasa. Bango zimagona moyandikana, lililonse palokha, koma chingwe chimene chimazisoka chimadutsa mopingasa, kubowola bango lililonse. Chingwecho si cha bango limodzi, komabe popanda icho palibe mphasa. Zigawo za pulogalamu ndizo bango, ndipo chitetezo, kaundula ndi zina zija ndizo chingwe.

Vuto limayambira pati?

Wolemba pulogalamu amene sanaganize mofatsa amachita chimene chimaoneka chapafupi. Polemba chigawo cholembetsa odwala, amaikamo mizere yofunsa chilolezo ndi yolemba m'kaundula. Akafika pa chigawo cha kulabu, amakopera mizere yomweyo. Pa chigawo cha mankhwala, chimodzimodzi. Pamapeto pake pamabuka mavuto awiri.

Loyamba ndi kumwazika. Lamulo limodzi limapezeka m'malo ambirimbiri. Tiyerekeze kuti pulogalamu ili ndi makomo 60 olandirira mauthenga, ndipo lamulo latsopano labwera loti aliyense wotsegula mbiri ya wodwala azilembedwa dzina. Ndiye kuti pafunika kukonza malo 60. Munthu akakonza 59 n'kuiwala limodzi, palibe belu limene lidzalira. Pulogalamu idzayenda bwinobwino, koma khomo limodzilo lidzakhala lotseguka, ndipo wakuba safuna makomo onse, amangofuna limodzi.

Lachiwiri ndi kupiringizana. M'chigawo chimodzi, mizere ya ntchito yeniyeni imasakanikirana ndi ya ntchito zopingasa mpaka wowerenga amalephera kuona pamene payambira nkhani ya mankhwala ndi pamene pathera nkhani ya chitetezo. Wobwera kudzakonza mlingo wa mankhwala angathe kuwononga chitetezo mosadziwa.

M'boma ngati Neno, kumene anthu amadziwana kutchalitchi, kumsika ndi kumaliro, kuululika kwa matenda a munthu mmodzi si nkhani ya makina chabe. Kungathe kusokoneza banja, kapena kuchititsa munthu kuleka kukatenga mankhwala poopa manyazi. Paja madzi akatayika saoleka. Malamulo a dziko nawonso sakhala chete: Malawi ali ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la mu 2016, ndiponso la Data Protection Act la mu 2024, lomwe limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la nkhani zofunika kuzisamala mwapadera.

Kumene nzeruyi inachokera

Vutoli si la dzulo. Mu 1972, David Parnas analemba kuti pulogalamu izigawidwa mwakuti chigawo chilichonse chizibisa m'kati mwake chinthu chimodzi chimene chingadzasinthe, kuti posintha pasadzafunike kugwedeza nyumba yonse. Mu 1974, Edsger Dijkstra wa ku Netherlands anatchula mfundo yolekanitsa nkhani, yoti munthu aziganizira mbali imodzi ya vuto payokha, akudziwa kuti zinazo ziliko ndipo zidzapatsidwa nthawi yake.

Koma anthu anapeza kuti ngakhale ugawe bwanji, ntchito zina zimakana kulowa m'bokosi limodzi. Mu 1997, Gregor Kiczales ndi anzake a ku Xerox PARC ku California anafotokoza njira yatsopano yotchedwa aspect-oriented programming, ndipo mu 2001 gulu lomwelo linatulutsa chida chotchedwa AspectJ chogwirira ntchito m'chilankhulo cha pulogalamu cha Java. Nthawi yomweyo mauthenga a pakati pa makampani anali kuchuluka, ndipo olemba ma web service anafunika njira zawo zothanirana ndi vuto lomweli. Njira zitatu ndizo zinakhazikika. Tiyeni tizione imodziimodzi.

Njira yoyamba: mzere wa zipata

Amene munayendapo pakati pa Blantyre ndi Lilongwe kapena Mwanza mukuidziwa rodibuloko ya pa Zalewa. Apolisi sayenda khomo ndi khomo kufunsa ziphaso za galimoto. Amaima pamalo amene magalimoto amadutsa, ndipo ntchito imodzi imafikira onse, kaya ndi minibasi, lole ya chimanga kapena ambulansi.

Mu web service, njira iyi imaika timapulogalamu ting'onoting'ono pamzere, uthenga usanafike ku chigawo chimene ukupita. M'zida zina amatitcha handler, m'zina filter, m'zina interceptor kapena middleware, koma ganizo lake ndi limodzi. Ife tingotitcha zipata. Chipata chilichonse chili ndi ntchito imodzi yokha. Chimalandira uthenga, n'kuchita ntchito yake, kenaka n'kusankha: kuupititsa ku chipata chotsatira, kapena kuubweza pomwepo. Yankho likamabwerera, nthawi zambiri limadutsa m'zipata zomwezo kuyambira chomaliza mpaka choyamba.

Apa ndi pamene envelopu ija imathandiza. Chipata cha chitetezo chimangowerenga mutu wa uthenga, osasowa kumvetsa nkhani ya m'kati. Chigawo cha ntchito yeniyeni chimalandira thupi la uthenga, osasowa kudziwa mmene chitetezo chinayendera. Mu 2004 bungwe la OASIS linavomereza muyezo wa WS-Security, wofotokoza mmene siginecha ndi zobisa zingalembedwere pamutu wa uthenga wa SOAP. Pulogalamu ya Apache Axis2, yomwe inatuluka mu 2006 ndipo ambiri mwa olemba ake anali a ku Sri Lanka, inamangidwa pa mfundo yomweyi. Zipata zake zimasanjidwa m'magawo otsatana, ndipo zipata zogwira ntchito imodzi zimamangidwa mtolo umodzi. Mtolo wotchedwa Rampart umasamala za chitetezo, ndipo wotchedwa Sandesha2 umaonetsetsa kuti uthenga wafikadi. Woyang'anira makina amatha kulumikiza mtolo wotere polemba m'fayilo ya malangizo, osakhudza ngakhale mzere umodzi wa ntchito yeniyeni.

Njira yachiwiri: kusokerera m'kati mwa pulogalamu

Zipata zimaona uthenga kunja. Koma ntchito zina zopingasa zimafunika m'katikati, pa nthawi imene pulogalamu ikufuna kusunga kapena kutulutsa chinthu. Apa ndipo pamagwira njira ya Kiczales ija.

Mawu ake ndi ochepa. Advice ndi chimene chiyenera kuchitika, monga kufunsa chilolezo. Pointcut ndi lamulo losankha malo amene chichitikire, monga lakuti paliponse pamene pakusungidwa mbiri ya wodwala. Ziwirizi pamodzi zimapanga aspect. Ndipo ntchito yolowetsa aspect m'malo onse osankhidwawo, yomwe makina amachita okha, imatchedwa weaving, ndiko kuti kuluka. Mwaona kuti fanizo la mphasa lija silinachokere patali.

Chitsanzo chenicheni ndi OpenMRS yomwe ija ya m'zipatala za ku Neno. Pulogalamuyi inayamba mu 2004 mwa mgwirizano wa Regenstrief Institute ya ku America ndi Partners In Health, ndipo ndi yaulere, aliyense angathe kuwerenga mmene inalembedwera. Inalembedwa m'chilankhulo cha Java mothandizidwa ndi chida chotchedwa Spring. M'kati mwake muli zigawo monga chosamala za odwala, chosamala za maulendo a wodwala kuchipatala, ndi chosamala za zoyeza monga kulemera kwa thupi ndi kuthamanga kwa magazi.

Wolemba chigawo cha odwala salemba yekha mmene chilolezo chifunsidwire. Amangoika kachizindikiro pamwamba pa ntchito iliyonse, konena kuti ntchito iyi ikufuna chilolezo chakuti. Ndiye pali advice imodzi, yolembedwa pamalo amodzi, imene imaimitsa pempho lililonse, n'kuwerenga kachizindikiroko, n'kuona ngati wopemphayo ali nacho chilolezocho. Ngati alibe, ntchitoyo siyambika n'komwe. Palinso advice ina imene imadzaza yokha dzina la amene walemba kapena kusintha chinthu, ndi tsiku lake. Chifukwa cha ichi, kalaliki sangaiwale kusaina, popeza si iye amasaina. Mu OpenMRS, cholembedwa cholakwika kawirikawiri sichifufutidwa kotheratu. Chimaikidwa chizindikiro choti n'chosagwiranso ntchito, pamodzi ndi chifukwa chake ndi dzina la amene wachita zimenezo.

Ubwino wina ndi uwu: pempho kaya lachokera kwa kalaliki amene wakhala pa kompyuta, kaya lachokera ku makina ena kudzera pa khomo la REST, limakumana ndi mlonda yemweyo. Mlondayo saima pakhomo la kunja lokha, waima pa chitseko cha chipinda chimene muli katundu.

Njira yachitatu: mkhalapakati

Njira ziwiri zoyambazi zimagwira ntchito m'kati mwa pulogalamu imodzi. Koma za umoyo m'dziko zimayenda ndi mapulogalamu ambiri. Pali osunga mbiri ya odwala, pali a kulabu, pali owerengera mankhwala m'nkhokwe, ndiponso pali DHIS2, pulogalamu yochokera ku yunivesite ya Oslo ku Norway, imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsiramo ziwerengero za m'maboma onse.

Tiyeni tichite masamu pang'ono. Mapulogalamu 6, aliyense akamalumikizana mwachindunji ndi mnzake, pamafunika misewu 15. Akakhala 10, misewu imakwana 45, ndipo msewu uliwonse umafuna chitetezo chake ndi kaundula wake. Koma pakakhala mkhalapakati mmodzi amene onse amalankhula naye, mapulogalamu 10 amangofuna misewu 10, ndipo ntchito zopingasa zimachitikira pamalo amodzi.

Chitsanzo cha mkhalapakati wotere ndi OpenHIM, yopangidwa ndi bungwe la Jembi Health Systems la ku South Africa, yomwe inayamba kugwiritsidwa ntchito polumikiza makina a zaumoyo ku Rwanda. Imazindikira pulogalamu imene yatumiza uthenga, kuona ngati ndi yololedwa, kulemba uthengawo m'kaundula, n'kuulozera kumene ukupita. Uthenga ukafunika kumasuliridwa kuti wolandira aumve, pamakhala kapulogalamu kapadera kotchedwa mediator kogwira ntchito imeneyo. M'nkhani za ndalama tili ndi chofanana nacho: National Switch, yomwe inayamba mu 2015, ndiyo imachititsa kuti khadi la banki ina lizitha kutapa ndalama pa makina a banki ina.

Tiyeni titsatire uthenga umodzi

Tsopano tiphatikize zonsezi ndi chitsanzo chongoyerekeza. Wazaumoyo wa m'mudzi kumapiri a ku Dambe wayendera agogo ena odwala BP, ndipo walemba pa foni kuti mankhwala awathera ndipo akudandaula mutu. Foni ikapeza netiweki, uthenga unyamuka. Makina omangidwa bwino angaulandire motere.

Chipata 1 chimaupatsa nambala yakeyake ndi kulemba nthawi imene wafika. Nambalayi idzautsata paliponse.

Chipata 2 chimamasula zobisa, chifukwa uthengawo unayenda utatsekedwa kuti wapanjira asauwerenge.

Chipata 3 chimafunsa kuti, ndiwe yani? Ngati umboni palibe kapena ndi wabodza, uthenga umabwezedwa ndi nambala 401, yomwe pa intaneti imatanthauza kuti sitikukudziwa.

Chipata 4 chimafunsa kuti, kodi ukuloledwa kuchita zimenezi? Munthu angathe kukhala wodziwika koma wopanda chilolezo. Wotere amalandira nambala 403.

Chipata 5 chimaona kalembedwe. Kodi tsiku lilipo? Kodi nambala ya wodwala ndi yokwanira? Kodi zaka zalembedwazo n'zotheka kwa munthu?

Chipata 6 chimaona ngati uthengawu unafikapo kale. Kumalo kumene netiweki imadukaduka, foni imatha kutumiza uthenga, yankho n'kutayika panjira, ndipo foniyo n'kutumizanso poganiza kuti sunafike. Popanda chipata ichi, ulendo umodzi ungalembedwe kawiri ndipo ziwerengero za mwezi zinganame.

Ukadutsa zonsezi, uthenga umafika ku ntchito yeniyeni, yomwe tsopano ndi yaifupi ndi yomveka: lemba kuti agogowa akufunika kuonedwa msanga. Yankho limabwerera, ndipo kaundula amalemba mmene zathera.

Taonani kuti ndondomeko ya zipatazi si yongosanja mwachisawawa. Simungafunse chilolezo cha munthu amene simunamuzindikire. Simungaone kalembedwe ka uthenga umene simunaumasule. Nanga kaundula aikidwe pati? Akaikidwa kumapeto kwenikweni, sadzalemba za anthu amene anabwezedwa pachipata, pamene amenewo ndiwo woyang'anira chitetezo akufuna kuwadziwa. Akaikidwa pambuyo pomasula zobisa n'kumakopera uthenga wonse, ndiye kuti kaundulayo wasanduka buku la zinsinsi za odwala lomwe amisiri okonza makina angawerenge. Yankho labwino ndi lakuti kaundula alembe amene wabwera, nthawi, chimene anapempha ndi mmene zathera, koma asakopere matenda a munthu. Chisankho choterechi n'chosavuta kuchikambirana ndi kuchikonza pamene kaundula ali pamalo amodzi. Akamwazika m'malo 60, palibe amene angakuuzeni motsimikiza zimene zikulembedwa.

Amene munafikapo pa chipatala cha pa boma kapena cha Lisungwi mungazindikire nzeru yomweyi m'kayendetsedwe ka odwala. Mu 2015 ku Neno kunayamba kiliniki yotchedwa Integrated Chronic Care Clinic, imene inaphatikiza odwala HIV ndi odwala BP, shuga, mphumu, khunyu ndi matenda ena okhalitsa. M'malo moti matenda aliwonse akhale ndi tsiku lake, mzere wake ndi kalembera wake, zimene odwala onse amafuna, monga kulembetsa, kukwera sikelo ndi kulandira mankhwala, zimachitikira limodzi. Phindu lina ndi lakuti woona munthu pamzerewo sangadziwe chimene akudwala.

Walira mvula walira matope

Njirazi zili ndi mtengo wake, ndipo wophunzira wabwino ayenera kuudziwa.

Choyamba, zobisika zimasokoneza. Wowerenga chigawo cha ntchito yeniyeni saona zipata kapena aspect, choncho pulogalamu ikachita zodabwitsa angafufuze tsiku lonse pamalo olakwika. Mankhwala ake ndi kulemba momveka mndandanda wa zipata zonse ndi ndondomeko yake, pamalo pamene aliyense wa m'gulu angaupeze.

Chachiwiri, cholakwa cha pamalo amodzi chimafalikira paliponse. Chipata cha chilolezo chikalakwika, makomo onse amatsekeka kapena kutseguka nthawi imodzi. N'chifukwa chake zipata ziyenera kuyesedwa kwambiri kuposa zigawo zina, chilichonse pachokha, kenaka zonse pamodzi.

Chachitatu, lamulo losankha malo lija limatha kutsalira m'mbuyo. Ngati linati ligwire ntchito zonse zimene dzina lake likuyamba ndi mawu akuti, wina n'kudzalemba ntchito yatsopano ndi dzina losiyana, ntchitoyo idzadutsa osaonedwa. Njira yotetezeka ndi yoti chitseko chilichonse chatsopano chizikhala chotseka mpaka wina atanena poyera kuti chitsegulidwe.

Chachinayi, mkhalapakati akagwa, onse amaima. Kumene magetsi ndi netiweki sizidalirika, makina a pachipatala ayenera kutha kugwira ntchito paokha, n'kusunga mauthenga mpaka njira itatseguka.

Chachisanu, si chilichonse choyenera kupita pachipata. Funso loti kodi mankhwala awa angaperekedwe kwa mayi woyembekezera si ntchito yopingasa. Ndi nzeru ya chipatala, ndipo malo ake ndi m'chigawo cha mankhwala. Muyezo wake ndi uwu: ngati lamulo likufunika mofanana m'zigawo zambiri, ndipo silidalira kumvetsa nkhani ya m'kati, lipite pachipata. Ngati likudalira nkhaniyo, likhale kwawo.

Zikutikhudza bwanji ife?

Amene tikuphunzira za uphunzitsi timakumana ndi funso lomweli m'silabasi. Nkhani za HIV ndi Edzi, za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi, ndi za chilengedwe zimayenera kulowa m'maphunziro onse. Koma chinthu chikakhala cha aliyense, kawirikawiri chimakhala chopanda mwini: wa Biology amaganiza kuti wa Social Studies wanena kale, ndipo winayo amaganiza chimodzimodzi. Phunziro la Life Skills limapatsa zina mwa nkhanizi nyumba yake, nthawi yake ndi mphunzitsi woziyankhira. Kusiyana kwake n'kwakuti m'kalasi mulibe makina oluka, choncho aphunzitsi ayenera kukhala pansi n'kugwirizana kuti ndani anena chiyani, ndipo liti.

Amene mudzagwire ntchito m'zipatala, m'mabanki, m'sukulu kapena m'maofesi a mpingo mudzapatsidwa dzina ndi nambala yachinsinsi yolowera m'makina. Tsopano mukudziwa kuti zipata zonse zija zimadalira chinthu chimodzi, chakuti wolowayo ndi mwini dzinadi. Mukabwereka mnzanu nambala yanu, kaundula adzalemba dzina lanu pa zimene iye wachita, ndipo ntchito yonse ya alonda aja yapita pachabe.

Ndipo amene mudzalembe mapulogalamu, ngakhale kakang'ono kosungira malikisi a ana asukulu, dzifunseni musanayambe: ndi ntchito ziti zimene khomo lililonse lidzafuna? Zilembeni kamodzi, muziike panjira, musanje ndondomeko yake mosamala, ndipo mulembe pepala lofotokozera amene adzabwere pambuyo panu.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Tchulani ntchito zopingasa 4 zimene zingafunike mu pulogalamu yolipirira fizi pa foni. Ndi iti mwa izo imene kulephera kwake kungapweteke kwambiri wophunzira?

2. Fotokozani m'mawu anuanu kusiyana kwa kumwazika ndi kupiringizana, ndipo mupereke chitsanzo cha chilichonse kuchokera pa sukulu kapena pa mpingo wanu.

3. M'chitsanzo cha ku Dambe chija, chingachitike n'chiyani chipata 4 chitaikidwa patsogolo pa chipata 3? Nanga chipata 6 chitachotsedwa?

4. Mapulogalamu 8 akamalumikizana mwachindunji aliyense ndi mnzake, pafunika misewu ingati? Nanga pakakhala mkhalapakati? Tchulani choopsa chimodzi cha njira iliyonse.

5. Kalaliki wa pachipatala waona m'makina dzina la mnansi wake, ndipo chilolezo chotsegula mbiriyo ali nacho, ngakhale ntchito yake ya tsikulo sikufuna kuti aitsegule. Kodi zipata zingaletse chiyani pamenepa, ndipo n'chiyani chimene chatsalira m'manja mwa munthuyo?